Mayina 91 ndi buku la achemwali: momwe ntchito yayendera mu 2025

8 Febuluwale

Achemwali andiuza kuti ndizilemba zonse zimene zikuchitika pa ntchito yathuyi, chifukwa ndalama si zanga ndekha, ndipo amalume akafunsa kuti ntchito ili pati ndisamangoyankha kuti ili bwino. Ndiye ndayamba lero, patatha miyezi itatu chiyambireni.

Tilipo atatu. Amalume, amene amawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo ku Magaba ku Mbare, kuno ku Harare, anasonkha $600. Ine ndinasonkha $400, achemwali $200, ndipo buku la ndalama amasunga ndi iwowo. Cholinga n'kugula mayina a mawebusaiti, aja amati ma domain, pamtengo wolembetsera, n'kudzawagulitsa kwa owafuna pamtengo wokwera. Chimene chinanditenga mtima ndi nkhani imene inamveka mu Novembala chaka chatha, yoti dzina la chat.com, limene Dharmesh Shah anagula $15.5 miliyoni mu 2023, lapita kwa OpenAI. Ndinali nditawerengapo kale za voice.com, limene MicroStrategy inagulitsa kwa Block.one pa $30 miliyoni mu 2019. Ndinawafotokozera amalume nkhani ziwirizi titakhala pa benchi kunja kwa shedi yawo, magalasi owotcherera ali pamphumi, ndipo anafunsa funso limodzi lokha: "Nanga katundu wakeyo asungidwa kuti?" Ndinawayankha kuti safuna nyumba, sawola, ndipo mvula simukhudza. Zonsezo n'zoona. Chimene sindinawauze, chifukwa ndinali ndisanachiganizire mofatsa, n'choti katunduyu amadya chaka ndi chaka, poti dzina lililonse umalilipira chaka chilichonse kuti likhalebe lako.

M'masabata awiri a Novembala ndinalembetsa mayina 90. A .com alipo 62, ndipo anadya $682. Ena 20 ndi a michira yatsopano (mchira ndi mbali ya kumapeto kwa dzina, monga .com), yotsatsidwa pa $2 chaka choyamba, onse $40. Otsala 8 ndi a .co.zw, amene amayang'aniridwa ndi bungwe la ZISPA kuno ku Zimbabwe, $80 onse pamodzi. M'thumba mwatsala $398. Onse a .com ndawaika pa Afternic ndi pa Sedo, misika ya pa intaneti yogulitsirapo mayina. Mpaka lero palibe amene wafunsa ngakhale mtengo.

15 Malichi

Lero patha zaka 40 chilembetsereni dzina loyamba la .com, symbolics.com, pa 15 Malichi 1985. Kuchokera tsiku limenelo mayina a .com apitirira 150 miliyoni. Nambala imeneyi ndiyenera kuti ndinaiganizira ndisanagule kanthu. Ngati dzina lakhala pambalambanda zaka zonsezi, anthu mamiliyoni akusakasaka usana ndi usiku, ine n'kulipeza pa $11, ndiye kuti kawirikawiri ambiri analiona n'kulisiya.

Chifukwa cha zimenezi ndinaganiza zoyesa mayina amene eni ake awasiya. Dzina la .com likatha nthawi yake silimasulidwa pompo. Kampani yolembetsa ikhoza kulisunga mpaka masiku 45, kenako pamabwera masiku 30 amene mwini wake angaliwombole polipira chindapusa, kenako masiku 5 odikira kufufutidwa. Koma labwino silifika kumeneko kawirikawiri, amaliika pa okushoni lisanagwe. Sabata yatha ndinalimbirana dzina lina la mawu awiri achingerezi, lokhudza maulendo, lolembetsedwa kale zaka zoposa khumi. Okushoni inatha cha m'ma 10 koloko usiku, magetsi atazima, ine ndili pa foni batire ikuthera. Ndinapambana pa $185, kuphatikizapo kulipira chaka chimodzi. M'thumba mwatsala $213.

29 Malichi

Dzina la pa okushoni lija ndi lowola mkati. Ndalifufuza mochedwa pa Wayback Machine ya Internet Archive, imene imasunga zithunzi za mawebusaiti akale. Zaka zoyambirira linalidi la kampani ya maulendo, koma zaka zitatu zomalizira panali masamba a juga ndi mankhwala okayikitsa, m'zilankhulo zimene sindingathe n'kuwerenga komwe. Wogula aliyense wochenjera adzayang'ana pomwepa asanalipire, ndipo palibe amene angamange bizinesi yake pa dzina limene makina osakira ndi osefa maimelo analidziwa kale ngati la chinyengo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Kufufuzaku kukanangonditengera mphindi khumi okushoni isanayambe.

Ndawauza amalume lero lomwe. Sanakalipe. Anangoti ndalama yotsalayo isatuluke popanda atatu tonse kugwirizana, ndipo achemwali alemba zimenezo pachikuto cha buku.

26 Epulo

Loweruka lonse takhala ku Mufakose, kwa amayi, tikusankha mayina m'magiredi. Maganizowa ndi a amalume. Iwo anakulira pa famu ya fodya, monga ana ambiri a anthu ochokera ku Malawi kuno, ndipo akuti mlimi amene amamanga masamba abwino ndi oipa m'belo limodzi amalipidwa mtengo wa oipawo. Anati: "Mphwanga, iwe wagula belo la kaunjika ku msika wa Mupedzanhamo osalimasula. Tiye timasule tione zimene zili mkati."

Mayeso oyamba anali a khutu. Achemwali anakhala kuchipinda ndi pepala, ine ndili panja ndikuwaimbira foni, n'kumatchula dzina kamodzi kokha. Akalilemba molondola, lakhoza. Akafunsa kuti "wati chiyani?", lagwa. Mayina onse okhala ndi kamzere pakati anagwa, chifukwa palibe amene amatchula kamzere polankhula. Okhala ndi nambala anagwanso, poti womva sadziwa ngati alembe 4 kapena mawu ake. Mayina a mawu atatu kapena anayi, achemwali amafika pakati n'kuiwala poyambira.

Chimene chinandipweteka mtima ndi mayina a Chichewa, chifukwa amenewo ndinawagula ndi chikondi. Mu dzina la webusaiti simulowa kachizindikiro kamene timalemba m'mawu ngati ng'ombe kapena ng'oma, ndiye mawuwo amasanduka ngombe ndi ngoma, ndipo diso la Mchewa limaona kuti china chasowa. Chilembo cha ŵ chimatheka kulembetsa, koma pansi pake dzinalo limasungidwa ngati zilembo zoyamba ndi xn--, ndipo ndi anthu ochepa amene amadziwa pochipeza pa foni. Palinso nkhani ya l ndi r. Mawu amodzi omwewo, achemwali amene anaphunzira sukulu m'Chishona analemba ndi r, amayi analemba ndi l. Wina amalemba ntchito, wina nchito. Munthu wogula dzina lotero ayenera kugula awiri kapena atatu kuti makasitomala ake asasochere, ndipo zimenezo zimatsitsa mtengo wa lililonse.

Mayeso achiwiri anali a amalume, ndipo ndi amene anadula ambiri. Pa dzina lililonse anandiuza kuti nditchule mabizinesi asanu enieni, amene alipo lero, amene angalifune ndipo ali ndi ndalama yolipirira. Osati "wina akhoza kudzalikonda". Mabizinesi asanu, ndi mayina awo. Pa mayina ambiri ndinalephera kutchula ngakhale awiri. Amalume anati geti saliwotcherera chifukwa choti ndi lokongola m'maso mwawo, amayamba aona kukula kwa mipata ya m'mipanda ya anthu a ku Glen View ndi ku Budiriro.

Pomaliza, pa mayina 91, a giredi yoyamba anatuluka 9, achiwiri 21, ndipo 61 ndi zinyenyeswa. A michira yatsopano onse 20 ali m'gulu lomalizali. Tinayang'ananso mtengo wa chaka chachiwiri wa amenewa: ambiri ndi pafupifupi $30 lililonse. Ija ya $2 inali nyambo ya chaka choyamba chokha, ndipo zinalembedwa poyera patsamba logulira, ine ndi amene sindinawerenge.

10 Meyi

Ndasintha mitengo yonse. Poyamba ndinkatengera makina ena a pa intaneti amene umalembamo dzina iwo n'kukuuza mtengo. Nditaphatikiza zimene anandiuza pa mayina athu onse, zinakwana $74,000, ndipo nambala imeneyo ndinawasonyeza amalume mu Disembala ndili wosangalala. Makinawo amawerenga kutalika kwa dzina ndi kutchuka kwa mawu ake, koma sadziwa ngati kunjaku kuli munthu amene akulifuna. Tsopano ndikuyang'ana pa NameBio, pamene amalemba mayina amene anagulitsidwadi ndi mitengo yake. Kumeneko ndaona kuti mamiliyoni aja ndi a mawu amodzi afupiafupi amene analembetsedwa ine ndisanabadwe kapena ndili mwana. Mayina ofanana ndi athu abwinowo, a mawu awiri omveka, ambiri amapita pa madola mazana angapo mpaka masauzande awiri kapena atatu.

Achemwali anapanga masamu amene ndikufuna akhale m'bukuli. Anthu amene akhalitsa pa msikawu amanena kuti pa mayina 100 abwino, amene amagulitsika pachaka ndi limodzi kapena awiri. Kusunga mayina 100 a .com ndi pafupifupi $1,100 pachaka. Msika nawo umadula gawo lake, kuyambira 10 kapena 15 peresenti kukwera, kutengera ndi msika ndi njira imene wogula wadzera. Ndiye likagulitsika limodzi lokha, liyenera kupita pa $1,300 kuti tingobweza ndalama yosungira, phindu palibe. Likapita pa $300, ndiye kuti chaka chimenecho tadyetsa mayina 99 ndi ndalama ya m'thumba mwathu. Ndipo mtengo wosungira sukhala malo amodzi. Verisign, imene imayendetsa .com, inakweza mtengo wake zaka zinayi zotsatizana, kuchoka pa $7.85 kufika pa $10.26 kuyambira pa 1 Seputembala 2024, ndipo makampani olembetsa amawonjezerapo yawo.

Ndiye dzina lofooka silingapulumutsidwe ndi mtengo wotsika, chifukwa palibe akulifuna ngakhale pa $50. Ndipo dzina labwino siliyenera kutayidwa motchipa, chifukwa likusenza anzake onse. A giredi yoyamba ndawaika pakati pa $2,500 ndi $3,500, achiwiri pakati pa $900 ndi $1,950. Zinyenyeswa zonse $199.

24 Meyi

Kwabwera imelo ya munthu wofuna dzina lina la m'gulu la zinyenyeswa pa $8,000. Akuti kampani yake imafuna satifiketi yotsimikizira mtengo, yochokera ku webusaiti imene iye watchula, ya $79, ndipo ndilipire ndine. Ndinawatumizira achemwali usiku womwewo. Anayankha kuti: "Achimwene, munthu wogula mbuzi samuuza mwini mbuzi kuti alipire kaye wina woti anene kuti ndi mbuzidi." Ndinamuyankha munthuyo kuti agule kudzera pa msika pamene dzinalo laikidwa. Sanalembenso.

Sabata yomweyi ndachotsa pa msika dzina lina limene mkati mwake muli dzina la kampani yodziwika ya mafoni. Ndinaligula poganiza kuti kutchuka kwa kampaniyo kulikweza. Zoona zake n'zoti pali lamulo la mu 1999 lotchedwa UDRP, la ICANN, bungwe loyang'anira mayina a pa intaneti, limene mwini chizindikiro cha malonda angagwiritse ntchito podandaula, mwachitsanzo ku WIPO, bungwe la ku Geneva loona za umwini wa zizindikiro za malonda, polipira $1,500. Akasonyeza kuti dzinalo likufanana ndi chizindikiro chake, kuti iwe ulibe chifukwa chomveka cholisungira, komanso kuti unalilembetsa ndi kuligwiritsa ntchito ndi cholinga choipa, amakulanda. Kuliika pa msika n'kudzipalira umboni wekha. Ndangolisiya kuti lidzathe lokha.

14 Juni

Tagulitsa loyamba. Ndi la .co.zw, lokhudza kukumba zitsime za mjigo, ndipo wogula ndi bambo wina amene ali ndi galimoto yake yokumbira. Si iye amene anatipeza, ndinamulembera ndekha pa WhatsApp nditaona nambala yake pachikwangwani m'mbali mwa msewu wa Simon Mazorodze. Tinakumana m'tauni pafupi ndi Copacabana pokwerera makombi. Ndinayamba ndi $400. Iye anaseka n'kutulutsa foni, n'kundionetsa kuti makasitomala ake onse amabwera kudzera pa WhatsApp ndi Facebook, ndipo akafuna webusaiti akhoza kungowonjezera liwu limodzi pa dzina lathulo n'kulembetsa lake pa madola ochepa. Sananame. Chimene chinamugwira ndi pamene ndinamufunsa kuti pachitseko cha galimoto yake akufuna palembedwe liti, lalifupi kapena lalitali. Anakhala chete kanthawi, kenako anawerenga $150 m'mapepala a $10 ofewa ngati nsalu, ena omata ndi tepi.

Mtengo wa kuno ndi umenewo. Bizinesi ya m'Harare imayeza dzina ndi mtengo wa dizilo wa tsiku limodzi, osati ndi nkhani za ku America. Ku South Africa, kumene mayina a .co.za anapitirira miliyoni imodzi, msika ndi wokulirapo, koma sitinalowemo. M'thumba muli $363.

19 Julayi

Apa pali nkhani imene sitinagwirizane msanga. Bungwe lina la maliro la anthu akwathu ku Mufakose likufuna webusaiti, kuti mamembala amene ali ku Johannesburg, ku Lilongwe ndi ku UK aziona uthenga ndi masiku osonkha. Mlembi wawo anafufuza liwu la Chichewa limene akhala akuligwiritsa ntchito kuyambira kale, napeza kuti la .com lili pa msika pa $900. Atafunsa, anapeza kuti mwini wake ndi ine, mwana wa pakhomo pomwepo.

Ine ndinkafuna titsitse mpaka $300, chifukwa kwa miyezi isanu ndi itatu amenewa ndi anthu okhawo amene afuna dzina la Chichewa. Amalume anakana. Anati: "Mphwanga, agogo ako atamwalira kuno kulibe mbale wawo wa magazi, anakumba manda ndi anthu amenewa. Bokosi anagula ndi iwo. Lero uwagulitse liwu la chilankhulo chawo chomwe?" Ndinayesa kunena kuti tikapanda kulisunga ife likanatengedwa ndi mlendo wosadziwa n'komwe tanthauzo lake. Achemwali anati ngati n'choncho ndiye talisunga bwino, eni ake afika, tiwapatse.

Tawapatsa pa $11 imene tinagulira, ndipo ndawasamutsira ku akaunti yawo. Ndagona nazo masiku angapo ndipo ndikuona kuti amalume ananena zoona, osati pa ulemu wokha komanso pa malonda. Amene amafuna mayina a Chichewa ndi mipingo, makwaya, mabungwe a maliro ndi magulu a achinyamata. Ndalama zawo ndi zosonkha. Kampani ya ku Malawi yokhala ndi ndalama nthawi zambiri imatenga dzina lake lomwe, kaya pa .com kaya pa .mw imene imayendetsedwa ndi Malawi SDNP. Ndinasakaniza zinthu ziwiri, kukonda mawu athu ndi kufuna phindu, ndipo m'buku la achemwali ziwirizi sizikhala patsamba limodzi.

6 Seputembala

Pa 25 Ogasiti panabwera munthu kudzera pa umodzi mwa misika ija, akupereka $400 pa dzina la giredi yachiwiri, mawu awiri achingerezi okhudza mapampu a madzi oyendera dzuwa. Ndinaliika pa $1,950. Amalume anati tilandire, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndinawamvetsa, chifukwa chaka chikutha ndipo ndalama yambiri ndi yawo. Koma dzina limeneli ndi limodzi mwa ochepa amene mu Epulo ndinatha kutchulira mabizinesi asanu popanda kudodoma, ku Kenya, ku India ndi ku Australia komwe. Achemwali anatsegula tsamba la masamu aja n'kuwasonyeza amalume kuti $400, akadulapo gawo la msika, siikwana ngakhale kusunga theka la mayina a .com amene tili nawo. Tinagwirizana kuti ndiyankhe kamodzi, ndipo akapanda kubwerera ndisadandaule.

Ndinayankha $1,500. Panapita masiku anayi kuli zii. Masiku amenewo ndinkadzuka usiku kuyang'ana foni. Tsiku lachisanu anabwera ndi $900, ine ndinati $1,250, tinakumana pa $1,150. Sindikudziwa dzina lake kapena dziko lake, msika ndi umene unalandira ndalama, n'kusamutsa dzina, n'kudula 15 peresenti, kutsala $977.50.

27 Seputembala

Ndalama yafika mu akaunti ya nostro ya achemwali, ya ku banki yosungira ndalama zakunja, patatha masabata atatu. Mabanki a m'njira atadula zawo, yalowa $941. M'thumba tsopano muli $1,315. Amalume anagula nkhuku, tinadyera kwa amayi.

Pamene tinkadya ndinatchula za .ai, mchira wa chilumba cha Anguilla umene wakwera mtengo chifukwa cha makampani a nzeru zopangidwa ndi makina. Kulembetsa kwake n'kwa zaka ziwiri nthawi imodzi ndipo kumaposa $100 pa dzina limodzi. Amalume anandifunsa mabizinesi asanu. Ndinalibe. Nkhani inathera pomwepo.

8 Novembala

Nthawi yolipira chaka chachiwiri yakwana. Tikanati tisunge onse otsala, pakanafunika ndalama yoposa $1,300, pafupifupi zonse zimene tili nazo. Takhalanso pansi ndi mndandanda wa mu Epulo, tsopano tikuyang'ananso kuti ndi mayina ati amene anthu anawatsegulako pa msika chaka chonsechi. Awiri a giredi yoyamba, amene ine ndinkawakhulupirira kwambiri, sanatsegulidwe ndi munthu ngakhale mmodzi miyezi isanu ndi umodzi yapitayi. Ndinawalankhulira nthawi yaitali, koma sindinapeze chowonjezera pa zimene ndinanena mu Epulo, ndiye apita.

Tasunga 17 a .com, $187, ndi 3 a .co.zw, $30. Ena 68 tawasiya, kuphatikizapo la pa okushoni lija, limene ndangozimitsa kulipira kwake. Mwa a Chichewa tasunga awiri okha, ndipo tawachotsa pa msika. Achemwali awalemba patsamba lapadera, kuti likadzabwera gulu la anthu akwathu lowafuna lidzawatenge pamtengo wosungira.

M'thumba mwatsala $1,098 pa $1,200 imene tinayambira, ndi mayina 20. Amalume avomera kuti chaka chino tigule osapitirira awiri, pa okushoni, ndalama isapose $300 onse pamodzi, ndipo lililonse liyambe ladutsa pa Wayback Machine, pa foni ya achemwali ndi pa mabizinesi asanu aja. Mndandanda woyamba wa mayina anayi oti tiwaone ndiwatumizira Lachitatu, ndipo tikumana ku Magaba Loweruka likudzali amalume akatseka shedi.